Kope la aBanda: Gawo Lachitatu

Za m'gawo lapita: ABanda, mwini lesitilanti ya pa Katete Stores, anagwa m'khitchini Lolemba lotsatira mwambo wa Kulamba, ndipo usiku womwewo anatsirizikira kuchipatala cha St Francis. Anaikidwa Lachinayi kumudzi kwa amayi awo, m'dera la Mfumu Kawaza. Mwana wawo wachisamba akupitiriza kusimba.

Tinameta Lachisanu m'mawa. Masiku ano kumeta kwake n'kongodula katsitsi pachipumi, koma amayi anakana zimenezo, anati awapale mutu wonse ndi lezala. Anthu atayamba kumanga katundu, azakhali anandikodola n'kupita nane kuseri kwa nkhokwe.

"Makiyi a kulesitilanti ali ndi yani?"

"Ndili nawo ine, azakhali."

"Mapoto aja tinabwereka pamaliro uwabweze lero. Ukalowetse, utseke, ubwereko. Usakagwire china. Atsibweni ati mawa tonse tikakhala pansi komweko."

Atsibweni ankanenawo ndi a atate, nkhalamba ya zaka zopitirira 80 imene ife timangoti agogo, mwini mbumba kuchimuna kwathu. Aliyense wokulira kuno amadziwa chimene anthu amakhalira pansi maliro akangotha.

Lesitilanti ya atate ili kufupi ndi pamene msewu wa ku Chanida umapatukira kuchoka mu Great East Road. Chikwangwani chake chinafufutika ndili kupulayimale, ndipo sanachilembetsenso, poti panalibe wochiwerenga. Dalaivala wa thiraki yochokera ku Beira akafunsa podyera, anyamata a njinga ankangoloza ndi mlomo: kwa aBanda. Ndinapeza pakhonde pali aMbuya, atakhala pampando wawo wa chingwe ngati kuti m'kati muli munthu akuvundula nsima. Ndi Mbemba wa ku Kitwe amene anabwera kuno kudzaphunzitsa mu 1985 n'kukanirira. Pamaliro ndi iwo anatsogolera chimbuya, anatipaka ufa kumaso tonse a kum'mawa, n'kumalalata kuti munthu wodya mbewa sangafe ndi china koma mchira wam'tsamwitsa. Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Koma tsopano analibe woti amuseke.

"Tsegula, mwana wanga. Ndikufuna ndione ngati wakuba uja wandisiyira kapu yanga."

M'kati munali fungo la mafuta ozizira ndi phulusa. Matebulo asanu ndi limodzi, mabenchi, beseni losambira m'manja ndi jagi yake, TV m'chikhola chake cha zitsulo pamwamba pa kauntala. Magetsi kunalibe, monga mwa nthawi zambiri m'chaka cha 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, ndiye ndinatsegula mazenera onse. Kuwala kunagwera pakhoma limene atate ankaliyesa tchalitchi chawo chachiwiri. Pamwamba penipeni pali chithunzi cha m'nyuzipepala cha timu imene inathera m'nyanja ku Gabon, pepala lake litasanduka lofiirira. M'munsi mwake Efford Chabala ali yekha, atadumphira mpira. Kumbali kuli Christopher Katongo atanyamula chikho, kenako kalendala ya chaka chatha imene sanaichotse chifukwa pali Barbra Banda.

Atate anali goloboyi paunyamata wawo, wa matimu a m'midzi osewerera mbuzi kapena thumba la mchere. Chala chawo chaching'ono cha kumanja chinali chopindika, chinathyokera pabwalo lina ku Sinda, ndipo akamalandira ndalama kwa kasitomala watsopano ankachionetsa dala kuti afunsidwe. Akafunsidwa, nsima ya munthuyo inkazizira. Timu yawo inali Mufulira Wanderers chifukwa cha Chabala, pamene aMbuya ndi a Nkana kuyambira kubadwa, ndipo zaka pafupifupi 40 amuna awiriwa anakangana nkhani imodzimodzi pakhonde limodzimodzi popanda wogonja.

Mbale siinkachoka m'khitchini mwakachetechete. Atate ankaiperekeza ndi mawu a muulutsi wa mpira Dennis Liwewe, kukhosi kutatupa mitsempha: "Nkhuku ya kumudzi yautenga kumanzere, yadutsa kapenta, yadutsa nyemba, chibwabwa chagwa chokha, yayang'ana tebulo lachitatu, yaponya, chigooooli!" Mbale n'kutera pamaso pa munthu. Alendo ena ankadzidzimuka, makamaka odikirira odwala ku St Francis amene ankabwera nkhope zili zolemera, koma ambiri ankatuluka atamwetulirako. Liwewe ankamutcha wakwathu, poti anabadwira ku Malawi, ndipo atamwalira mu April 2014 atate anapereka nsima tsiku lonse osatulutsa mawu. Makasitomala anadandaula kuti ndiwo sizinakome.

Pa nsima pokha sankaseka. Ufa wa m'sitolo ankaukana, ankagula chimanga kwa alimi, n'kukakonoletsa ndi kugayitsa okha. Poto aliyense akapsa, mtanda woyamba kuomola unali wawo. Ankautsina, n'kuukanda m'manja, n'kuununkhiza. Ukamata zala, poto yense ankabwerera pamoto, ngakhale panja pali basi yodzaza anthu anjala. Msuweni wanga, mwana wa azakhali, wagwira mthiko m'khitchini imeneyo zaka 12, ndipo ndikhoza kuchitira umboni kuti palibe tsiku anapatsidwa ulemu wodumpha mayeso amenewo.

Lamulungu ankatsegula mochedwa. Tikachoka kutchalitchi cha RCZ ankavula jekete, n'kuwauza amayi kuti akhale pamkeka, lero ophika ndi iwo. Anzawo ankawanena kuti anadyetsedwa, iwo n'kumati inde, ndipo mankhwala ake ngokoma. Ine nditayamba netibo kusekondale ankatseka kauntala n'kubwera kubwalo ndi njinga, n'kumakuwa malangizo a mpira wamiyendo kwa atsikana oponya ndi manja, mpaka aphunzitsi anawapempha kuti aziimirira kutali. Pamene Barbra anagoletsa zigoli zitatu kawiri motsatizana ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021, anayenda Stores yonse akulengeza kuti mtsikanayo ndi wawo, mfunda ndi umodzi. Wina atawatsutsa anangoti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe," n'kupitirira. Mwambi umenewo sunkachoka pakamwa pawo. Ankaunena popatsa makoko a nsima tianyamata tosenza katundu pa siteshoni, ankaunena pogulira jezi timu ya ana a m'komboni.

Nkhani imene ankaikonda koposa inali ya kubadwa kwanga. Ndinabadwa pa 19 September 1988, tsiku limene Zambia inakwapula Italy 4-0 ku Olympics ya ku Korea, Kalusha Bwalya atagoletsa zitatu. Atate ankati anali atakumbatira wayilesi pamene uthenga unafika kuti mwana wabadwa, ndipo iwo anakuwa kuti dzina lake ndi Kalusha, asanafunse n'komwe ngati ndi mwamuna. Nkhaniyi ankaisimba chaka chilichonse pa tsiku langa lobadwa. Amayi sankaikonda. Ikangoyamba ankapeza chochita panja.

Tinalowetsa mapoto. AMbuya anapeza kapu yawo yachitsulo pa msomali wake, n'kukhala nayo pabenchi osathiramo kanthu. Azakhali anali atanena kuti ndisagwire china, koma katoni ya makope inali poyera pansi pa kauntala, ndipo ine makope amenewo ndinakulira nawo. Ndi makope a chikuto cholimba, lililonse chaka chake pamsana, kuyambira 1989. Kutsogolo atate ankalemba zogula ndi zogulitsa, pakati ngongole za anthu, dzina lililonse tsamba lake, ndipo m'mphepete mwa masamba ankalembamo zotsatira za mpira. Ukafuna kudziwa mtengo wa tomato sabata imene Nigeria inatigonjetsa 2-1 ku Tunis mu 1994, uupeza pamenepo, pambali pa dzina la Elijah Litana lozunguliridwa katatu.

Ndinatola la 2012, chifukwa ndinkadziwa chimene ndipezemo. Pakati pake palibe masamba, pangotsala zitsa zong'ambika.

Usiku wa pa 12 February chaka chimenecho m'lesitilanti munalowa anthu oposa amene analowamo pa Kulamba aliyense. Mabenchi tinawatulutsa kuti anthu aimirire, ana anakwera pamazenera, ena anali pamsewu kumangomvera phokoso la am'kati. Atate anavala magolovesi awo akale ong'ambika zala. Fainalo inali ku Libreville, mzinda womwewo umene ndege ya Buffalo inanyamukira usiku wa pa 27 April 1993 n'kugwera m'nyanja ndi anthu 30, osewera 18 pamodzi ndi mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu. Aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezo ndipo panalibe wozitchula. Didier Drogba ataponya penate yake kumwamba, mayi wina wogulitsa vitumbuwa anagwada pasimenti n'kuyamba kupemphera mokweza, osadzukanso mpaka mpira kutha. Pofika pa mapenate atate anali atatembenukira kukhoma. Sanaone Kennedy Mweene akugoletsa yake, sanaone akugwira ya Kolo Touré. Rainford Kalaba ataphonya, anamva kubuula kwa anthu n'kukhala pansi pakhomo la khitchini. Gervinho anaphonyanso. Stoppila Sunzu akuyenda kupita pa mpira, m'chipinda munali zii, moti ndinamva atate akutchula maina a akufa aja mmodzimmodzi, kuyambira Chabala.

Zitatha, 8-7, denga linatsala pang'ono kuchoka. Atate anakwera pa kauntala ndi kope m'manja, nayamba kuwerenga maina a angongole. Akatchula dzina, tsamba ng'aa, n'kuliponya m'mwamba. Aphunzitsi, apolisi, anyamata a njinga, alimi odikira ndalama za thonje, onse anakhululukidwa usiku umodzi. Amayi anawerengera m'mawa mwake kuti zinali ndalama zokwana kugula ng'ombe ziwiri, ndipo sanawalankhule mpaka Lachitatu. Ine mpaka lero ndimati amayi ankanena zoona, koma sindikanafuna atate ena.

"Tsamba limodzi sanang'ambe," anatero aMbuya ali pabenchi. "Yang'ana kumapeto."

Kumapeto kwa kope kunali tsamba limene ndinkaliona kuyambira kale osalilabadira. Pamwamba palibe dzina, pali nambala 9 yokha, yaikulu. Pansi pake miyezi 12, mwezi uliwonse ndalama yake, ndi mawu amodzi: yasungidwa. Ndinatsegula la 2013. Tsamba lomwelo, kungoti K300,000 ya December yasanduka K300 mu January, boma litachotsa maziro atatu pa kwacha. Ndinabwerera m'mbuyo, kope ndi kope, nditakhala pasimenti. Tsamba la 9 linayamba mu May 1993 ndipo silinadumphe mwezi, ngakhale miyezi imene kutsogolo kwa kope kukuonetsa kuti lesitilanti inadya mwini wake.

"Nambala 9 ndani, aMbuya?"

Anazunguza kapu m'manja nthawi yaitali.

"Unali usanabadwe pamene zigawenga za Matsanga zinkawotcha midzi kutsidyaku, ku Mozambique. Mu 1987 anthu ankalowa kudzera ku Chanida ndi m'tinjira ta m'tchire, mitolo pamutu, Achewa anzanu omwewa a ku Chifunde. Ambiri boma linawatengera ku Ukwimi, ku Petauke. Mmodzi sanapite. Atate ako anamuona akumenya mpira wa mapepala ndi ana kuseri kwa msika, opanda nsapato, n'kupita kwa mfumu kukanena kuti uyu ndi m'bale wanga, ndimusunga ndine. Bodza lenileni. Ankangofuna womwetsa zigoli."

"Ndiye anasewera?"

"Mayo! Ine ndaonera mpira ku Kitwe, mwana wanga, sindikunena za kumva. Mwendo wamanzere wa munthu uja ukanabadwira ku Copperbelt bwenzi uli pakhomapo. Atate ako kugolo, iye kutsogolo, mbuzi za m'midzi yonse kuyambira kwa Mbang'ombe mpaka kwa Nyanje zinathera m'mimba mwathu. Ndipo sanabwere chimanjamanja. Anali atasokerera ndalama za ng'ombe zake m'mphepete mwa bulangete. Malata ali pamwamba pakowa, theka ndi ake. Poto wamkulu walowetsa uja anagula ndi iye. Lesitilanti ino anayamba anthu awiri."

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanamvepo zimenezi, m'nyumba imene nkhani ya chala chothyoka ndinaimva kosawerengeka.

"Nkhondo itatha, atasainirana ku Rome mu October 1992, anayamba kusakhazikika. Ankafuna akaone ngati amake ali moyo. Anadikira mvula ithe, n'kunyamuka mu April 1993. Pakhomo apa anawauza atate ako kuti musunge malo anga pabenchi, ndibwera kudzamvera nanu mpira wa Senegal. Mpira wa Senegal unathera m'nyanja, iyenso osabwera. Sabata imene dziko lonse linkalira, atate ako ankalira kawiri, anthu osadziwa. Patapita miyezi kunabwera mphekesera yoti anaponda bomba lokwirira m'njira ya kumudzi kwawo. Atate ako anapitako kawiri kukafunsa. Anapeza mudzi uli mabwinja okhaokha."

"Anabwera yekha kuchokera ku Mozambique?"

AMbuya anaimirira n'kukoleka kapu pa msomali.

"Funso limenelo ukafunse amako."

Atapita ndinatsala ndi makope. Ndine mphunzitsi wa masamu, manambala sandibisira nkhope. Pa tsamba la 9 ndalama sizinkangolowa. Kuyambira 2002 zinayamba kutuluka, katatu pachaka: January, May, September, miyezi yotsegulira sukulu. Zinatuluka zaka zonse ndinali kusekondale yogonera konko, zinatulukanso zaka zimene ndinali kukoleji ya aphunzitsi ku Chipata, ndipo chaka chimene ndinayamba ntchito zinaleka. Ndinadziuza kuti atate ankabwereka kwa mnzawo wakufa kuti aphunzitse ana, palibe chachilendo. Koma fizi ya mlongo wanga ndinaipeza kwina, kutsogolo kwa kope, pakati pa makala ndi mafuta ophikira, pamodzi ndi zonse zotuluka m'thumba la atate.

Kope la 2024 linali m'dirowa. Tsamba la 9 linalembedwa mpaka August. Pansi pake, ndi bolopeni ina, zilembo zonjenjemera: "Wapezeka. Waimba foni. Tikumana ku Mkaika."

Pamenepo ndinakumbukira za Loweruka la Kulamba. Palibe tsiku lina pachaka limene lesitilanti imagulitsa ngati limenelo. Mafumu a Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo anthu awo onse, mabasi, malole, magulu a gule, amadutsa pa Katete ali ndi njala. Atate chiyambire sanapiteko kumwamboko, ankati Kulamba kwawo ndi pa mbaula. Chaka chino, dzuwa lili pamutu, mzere uli mpaka pamsewu, anavula epuloni, n'kuvala jekete la kutchalitchi, n'kukwera njinga ya hayala osauza munthu. Anabwera madzulo maso ali ofiira. Tinati ndi fumbi la ku Mkaika. Usiku umenewo sanaulutse mbale ngakhale imodzi.

Ndinabwerera kumudzi kutada. Amayi anali m'nyumba ya siwa, mutu wopalawo atakulunga duku lakuda, azimayi a chigwirizano atagona mowazungulira. Ndinagwada pafupi n'kunong'ona.

"Amayi, nambala 9 ndani?"

Sanadzidzimuke. Anangotseka maso.

"Wagwira makope."

"Ndagwira."

"Atate ako anati akuuza okha Lamulungu likubwerali, akatha kuphika. Anandilumbiritsa kuti ndisawatsogolere. Ndisiye ndigone, mwana wanga. Mawa ndi tsiku lalitali."

Loweruka tinasonkhana m'lesitilanti, matebulo titawakankhira kukhoma. Agogo anakhala pampando wa atate kuseri kwa kauntala, ndodo pakati pa miyendo. Kumanja kwawo azakhali, msuweni wanga ndi atate aang'ono ochokera ku Vubwi. Kumanzere amayi pamkeka, ine, ndi mlongo wanga amene anafika kuchokera ku Lusaka ndi mapepala m'chikwama. Nduna ya mfumu inakhala pakhomo ngati mboni. AMbuya sanaitanidwe, ndiye anakhala pakhonde, pansi pa zenera lotsegula.

Zovala zinagawidwa msanga. Jekete kwa atate aang'ono, njinga kwa msuweni, magolovesi ong'ambika aja panalibe wowafuna ndipo ndinawatenga ine. Atafika pa lesitilanti, agogo anatsokomola.

"Mwambo wathu ngodziwika. Mwamuna ndi mkamwini, ana ndi a kuchikazi. Chuma cha munthu chimabwerera kumene anachokera, kwa ana a mlongo wake. Mphwake wa malemuyu ndi uyu, ndipo manja ake ndi amene apsa ndi mapoto muno."

Mlongo wanga anali atatsegula kale chikwama.

"Agogo, ndi ulemu wonse, lamulo la chuma cha masiye la 1989 lilipo. Munthu akafa osalemba wilu, theka ndi la ana, 20 peresenti ya mkazi, 20 ya makolo, 10 ya amene ankawadalira. Msuweni akhoza kulowa pa 10 imeneyo. Tikalephera kumvana pano, tikamvana kukhoti."

"Wamva?" anatero azakhali, akuyang'ana agogo. "Atate ake sanazizire n'komwe, iye khoti. Mwana iwe, pamene malemu ankayamba malo ano, ng'ombe imene inagulitsidwa inali ya amayi athu. Lamulo lako linalipo? Mwana wanga walowa muno ali mnyamata, lero ali ndi ana atatu, malipiro ake ndi a wantchito wamba. Inu munapita kusukulu, iye anatsala pa utsi."

Zimenezo zinali zoona, ndipo msuweni wanga anangoweramitsa mutu. Ndinkafuna kunena kuti tisamuchotse, kuti lesitilanti popanda iye ndi mabenchi chabe. Ndinkafunanso kunena za theka la malata. Koma azakhali anali asanathe.

"Ndipo poti mwayamba zowerengera, tiwerenge bwino. Theka la ana, mwatero? Ana ake a mlongo wanga ndi angati?"

"Ndi funso lanji limenelo, azakhali? Tilipo awiri."

"Ine ndafunsa amako."

"Mlamu," anatero amayi, mawu ali pansi, "osati lero."

"Nanga liti? Zaka 31 ndatseka pakamwa chifukwa mwini wake anali moyo."

Agogo anagogoda ndodo pansi kuti anthu akhale chete, koma chimene chinatitontholetsa ndi thiraki. Inaima pakhomo penipeni, mabuleki akufuula, fumbi n'kulowa pamazenera. Nambala yake inali ya ku Mozambique. Nduna inatuluka kukanena kuti lero sitikugulitsa, pali zovuta. Tinamva chitseko cha thiraki, kenako phokoso la chitsulo, aMbuya atagwetsa kapu yawo pasimenti.

"Mwe Lesa," anatero. Sindinawamvepo akuitana Mulungu m'chinenero chawo.

Mnyamata wa thiraki anatsitsa munthu wachikulire, wamtali, wa imvi mutu wonse. Anali ndi ndodo ya m'khwapa. Mwendo wamanzere wa buluku lake unali wopindidwa pa bondo n'kumangidwa ndi pini. Anaima pakhomo, maso ake n'kuyenda pakhoma, pa mabenchi, padenga, n'kukathera pa mpando wa kuseri kwa kauntala pamene panakhala agogo. Anavula chipewa.

"Odi kuno. Ndamvera pa Chanida m'mawa uno. Ndinati mwina ndi aBanda ena."

Amayi anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Azakhali anasuntha pabenchi kumupatsa malo, osafunsa kuti ndinu yani. Munthuyo anakhala movutikira, n'kutulutsa ndalama yachipepeso m'thumba la shati, n'kuiika m'mbale pamaso pa agogo. Anaomba m'manja katatu.

"Pepani nonse. Ine ndi malemuwa tinaonana ku Mkaika sabata yatha. Anandipempha sabata imodzi kuti akonze za kunyumba, anati ndibwere lero. Ndabwera monga tinapanganirana."

"Takumvani, bambo," anatero agogo. "Ngati ndi za chuma, mwafika pa nthawi yake. Amene ali ndi mangawa ndi malemu amanena pabwalo ngati lino. Nenani zimene munasiya."

Mlongo wanga anandiyang'ana, n'kuyang'ana chikwama chake. Munthuyo anapukusa mutu.

"Za malata ndi mapoto ayi, akuluakulu. Zimenezo anandionetsa m'kope, ndipo zinagwira ntchito imene ndikanaigwiritsa ine mwini. Mkazi wanga anagona kuno, manda ake aBanda ndi amene ankalimira. Pochoka ndinasiya mwana m'nyumba mwawo, wa zaka zinayi, ndinati ndikaone njira ndidzamutenge." Anayang'ana mlongo wanga, anayang'ana msuweni, kenako ine, ndipo sanapitirirenso. "Ndikufuna ndimve kwa eni nyumba. Ndi uti?"

Panalibe woyankha. Azakhali anakonza chitenje chawo, n'kutembenukira kumkeka.

"Mlamu, muyankha ndinu, kapena ndiyankhe ine?"

Ipitirira m'gawo lachinayi.